Danieli, Chivumbulutso ndi masiku otsiriza: mafunso amene Amalawi a ku Joni amafunsa

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera m'maphunziro a Baibulo a Amalawi kuno ku Johannesburg, kaya m'holo yobwereka ku Rosettenville, m'kalasi ya sukulu ku Yeoville, kapena pa gulu la WhatsApp usiku anthu ataweruka. Pamene mipingo imasiyana maganizo tanena poyera kuti imasiyana. Pamene tikuona kuti chiphunzitso china chikupweteka anthu, sitinabise.

N'chifukwa chiyani mabuku amenewa adzaza zilombo, nyanga ndi manambala? Bwanji osangonena molunjika?

Mawu oyamba a Chivumbulutso m'Chigiriki ndi apokalypsis, kutanthauza kuvundukula chinthu chimene chinali chovindikira, ngati mmene mayi amavundukulira mphika kuti muone zili m'kati. Ndiye kuti cholinga cha wolemba chinali chakuti anthu amve, osati asokonezeke. Kalembedwe ka masomphenya kotere Ayuda ankakadziwa bwino kwa zaka mazana angapo Yesu asanabadwe ndiponso atabadwa, ndipo zithunzi zake zinali zozolowereka.

Mmalawi akaona chithunzi cha tambala wakuda ndi chimanga nthawi ya chisankho safunsa za ulimi, amadziwa kuti akunena zipani. Munthu wa ku Soweto ataona chithunzi chomwecho akhoza kuganiza kuti ndi malonda a chakudya cha nkhuku. Ife tikamawerenga Chivumbulutso tili ngati munthu wa ku Soweto uja. Kwa owerenga oyamba, chilombo chinkatanthauza ufumu wankhanza, nyanga inali mfumu kapena mphamvu, nyanja inali chisokonezo ndi mitundu ya anthu.

Chothandiza n'chakuti bukuli limamasulira lokha zithunzi zambiri. Zoikapo nyale ndi mipingo (1:20), zofukiza ndi mapemphero a oyera mtima (5:8), chinjoka ndi Satana (12:9), mitu 7 ndi mapiri 7 (17:9), madzi ndi mitundu ya anthu (17:15), mkazi wokwera pa chilombo ndi mzinda waukulu wolamulira mafumu a dziko (17:18). Pamene lemba lamasulira lokha, palibe chifukwa chofunira tanthauzo lina pa Facebook.

Ndikufuna kuyamba kuwerenga ndekha. Ndiyambire pati?

Choyamba, werengani buku lonse la Chivumbulutso mokweza, ulendo umodzi, osaima kuti mufufuze tanthauzo. Lili ndi machaputala 22 ndipo limatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Vesi 3 ya chaputala choyamba imadalitsa wowerenga mmodzi ndi akumva ambiri, chifukwa umo ndi mmene linkafikira anthu: wina aimirira n'kuwerenga, mpingo n'kumamvetsera. Kumbukiraninso kuti machaputala anaikidwa m'zaka za m'ma 1200 ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano mu 1551. Yohane, wolemba bukuli, sanalembe tizidutswa.

Kenako bwererani ku Chipangano Chakale, chifukwa zithunzi pafupifupi zonse zachokera kumeneko. Miliri ya malipenga ndi mbale (matalala, madzi osanduka magazi, mdima, dzombe, zilonda, achule) ndi ya mu Eksodo 7 mpaka 12. Akavalo a mitundumitundu ali mu Zekariya 1 ndi 6. Zamoyo zinayi zili mu Ezekieli 1 ndi Yesaya 6. Kudya mpukutu kuli mu Ezekieli 3, mitengo iwiri ya azitona mu Zekariya 4, Gogi ndi Magogi mu Ezekieli 38 ndi 39. Chilombo cha chaputala 13 chili ndi ziwalo za kambuku, chimbalangondo ndi mkango, zomwe ndi zilombo za Danieli 7 zitaphatikizidwa pamodzi.

Mukatero funsani kuti Mkhristu wa ku Smurna, umodzi mwa mipingo imene inalandira bukuli, akanamva chiyani pa ndimeyi. Funso lakuti ikutiuza chiyani ife lero libwere pomalizira. Ambiri amalakwa potembenuza dongosololi: amayamba ndi nkhani ya pa TV, n'kupita kukasaka vesi yofanana nayo. Njira imeneyo nthawi zonse imapeza chimene ikufuna, ndipo chaka chamawa imapezanso china.

Pali msampha wina. Zisindikizo 7, malipenga 7 ndi mbale 7 anthu amaziwerenga ngati kalendala yotsatizana, koma onani izi. Pa 6:14 mapiri ndi zilumba zonse zachotsedwa m'malo mwake, ndipo pa 16:20 zikuthawanso. Pa 8:7 udzu wonse wauwisi wapsa, koma pa 9:4 dzombe likuuzidwa kuti lisawononge udzu. Zikuoneka kuti Yohane akufotokoza nkhani imodzi katatu, ulendo uliwonse mokulirapo: zisindikizo zikhudza gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko (6:8), malipenga limodzi mwa atatu, mbale zikhudza zonse. Wokonda kujambula tchati cha zaka amakakamira pamenepa, n'kuyamba kupotoza mavesi kuti alowe m'mizere yake.

Kodi kudziwa amene analemberedwa kumasintha chiyani?

Kumasintha zambiri. Chivumbulutso ndi kalata yopita ku mipingo 7 yeniyeni m'dera lomwe lero ndi kumadzulo kwa Turkey: Efeso, Smurna, Pergamo, Tiyatira, Sarde, Filadelfeya ndi Laodikaya. Mayinawa asanjidwa motsata msewu umene wonyamula kalata akanadzera kuchokera kugombe, monga transipota wochoka ku Joni amatsitsira katundu ku Mwanza, ku Blantyre, ku Ntcheu, ku Dedza mpaka ku Lilongwe. Yohane analemba ali pa chilumba cha Patmo chifukwa cha mawu a Mulungu (1:9). Irenaeus, mtsogoleri wa mpingo wakale amene analemba cha m'ma 180 AD, anati masomphenyawa anaoneka chakumapeto kwa ulamuliro wa Domitian, yemwe analamulira kuyambira 81 mpaka 96 AD. Akatswiri ambiri amatsata zimenezi, ena ochepa amati ndi m'nthawi ya Nero, 70 AD isanafike.

M'mizinda imeneyi munali akachisi opembedzeramo mfumu ya Aroma. Ku Pergamo anamanga wotere mu 29 BC, ndipo kumeneko n'kumene Antipa anaphedwa (2:13). Amisiri ndi amalonda ankakhala m'magulu amene maphwando awo ankayamba ndi nsembe kwa milungu. Mkhristu wokana kudya nawo ankataya makasitomala.

Taonani Laodikaya. Timamva maulaliki akuti kutentha ndiko kukhala wa moto mwa Ambuye, kuzizira ndiko kubwerera m'mbuyo. Nanga bwanji Yesu akuti bola mukanakhala ozizira? Pafupi ndi mzindawu panali Hierapolis wa akasupe otentha amene odwala ankasambamo, ndi Kolose wa madzi ozizira abwino kumwa. Onse awiri ali ndi ntchito, ofunda okha ndiwo olavula. Mzindawu unali wolemera moti chivomezi cha m'ma 60 AD chitaugwetsa unadzimanganso wokha osalandira thandizo la Aroma, ndipo unkadziwika ndi ubweya wakuda ndi mankhwala a maso. Tsopano werengani 3:17-18: osauka, akhungu, amaliseche. Mawu alionse akuwalasa pamene ankadzitamira.

Chimodzimodzi 6:6, pamene muyeso umodzi wa tirigu ukugulidwa ndi ndalama ya tsiku lathunthu la ganyu. Muyesowo ndi pafupifupi lita imodzi, chakudya cha munthu mmodzi pa tsiku. Bambo wagwira tsiku lonse, wapeza chodya iye yekha, ana ali phee kuyang'ana, pamene mafuta ndi vinyo sizikukhudzidwa. Aliyense amene anagwirapo ganyu ya m'gadeni ku Sandton n'kupeza kuti theka lathera pa taxi sasowa womasulira vesi imeneyi.

Zilombo za mu Danieli zikuimira maufumu ati?

Yambani ndi chaputala 8, chifukwa pamenepo mngelo watchula mayina. Nkhosa yamphongo ya nyanga ziwiri ndi Amedi ndi Aperisi, tonde ndi Agiriki (8:20-21). Nyanga yaikulu imene inathyoka ndi Alexander, amene anamwalira mu 323 BC ufumu wake n'kugawika kwa akazembe ake. Kanyanga kochotsa nsembe ya tsiku ndi tsiku akatswiri ambiri amati ndi Antiochus Epiphanes, mfumu yachigiriki imene inadetsa kachisi wa ku Yerusalemu mu 167 BC, kachisiyo n'kuyeretsedwanso mu 164 BC. Amene muli ndi Baibulo lokhala ndi mabuku a Amakabeo, nkhani yonse ili mu 1 Amakabeo 1 mpaka 4.

Pa fano la chaputala 2 ndi zilombo zinayi za chaputala 7, lemba latchula ufumu woyamba wokha, Babulo (2:38). Mwambo wakale wa mpingo umati otsatira ndi Amedi ndi Aperisi, Agiriki, kenako Aroma. Akatswiri ena amawerenga Amedi paokha, Aperisi paokha, n'kumalizira ndi Agiriki. Kusiyanaku kumayendera limodzi ndi funso la nthawi imene bukuli linalembedwa, kaya m'zaka za m'ma 500 BC ku ukapolo kapena cha m'ma 165 BC. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chimene masomphenyawo akunena: maufumu a anthu amasanduka zilombo, bwalo la Mulungu limakhala pansi, ndipo ufumu umaperekedwa kwa wonga mwana wa munthu (7:13-14).

Nanga 666 ndi ndani?

Vesi yake (Chivumbulutso 13:18) imati chiwerengero cha chilombo ndi chiwerengero cha munthu, ndipo wanzeru awerengere. M'Chihebri ndi m'Chigiriki zilembo zinkagwiranso ntchito ya manambala, choncho dzina lililonse linali ndi chiwerengero chake mukaphatikiza zilembo. Dzina lakuti Nero Kaisara, likalembedwa ndi zilembo za Chihebri motsata katchulidwe ka Chigiriki, limakhala N, R, W, N, Q, S, R. Manambala ake ndi 50, 200, 6, 50, 100, 60 ndi 200. Phatikizani nokha, mupeza 666.

Chimene chimalimbitsa maganizo amenewa ndi ichi. Mipukutu ina yakale, kuphatikizapo chidutswa cha gumbwa chopezeka ku Oxyrhynchus ku Egypt, ili ndi 616 m'malo mwa 666, ndipo Irenaeus ankadziwa za kusiyanaku. M'Chilatini dzina la Nero lilibe N womalizira. Chotsani 50 pa 666, yatsala 616. Nero ndiye anapha Akhristu mwankhanza moto utatentha mzinda wa Roma mu 64 AD, ndipo atamwalira mu 68 AD kunali mphekesera zakuti sanafe, adzabweranso. Yerekezani ndi mutu wa chilombo umene unali ndi bala la imfa koma linapola (13:3).

Si onse amavomereza. Ena amati 7 ndi nambala ya kukwanira, ndiye 666 ndi kulephera kobwerezabwereza kwa mphamvu ya munthu yodziyesa Mulungu. Irenaeus mwiniyo anayesa mayina angapo n'kumaliza ndi kuchenjeza kuti mayina ambiri akhoza kukwana, choncho si bwino kuthamangira. Ife tikuona kuti Nero ndiye chitsanzo chimene Yohane ankaloza, ndipo chilombo chimavala nkhope yatsopano nthawi iliyonse pamene boma kapena chuma chifuna ulemu woyenera Mulungu yekha.

Zolakwika zofala zilipo ziwiri. China ndi kuwerengera mayina a atsogoleri a lero ndi zilembo za Chingerezi, zomwe zilibe dongosolo la manambala ngati la Chihebri ndi Chigiriki, n'kumawonjezera kapena kuchotsa udindo mpaka masamu atakwana. China ndi kusaka ma 6 atatu oyandikana. M'Chigiriki nambalayi ndi mazana asanu ndi limodzi, makumi asanu ndi limodzi, kudza zisanu ndi chimodzi, osati tizilembo titatu tofanana. Nambala ya foni, ya galimoto kapena ya chipinda yokhala ndi 666 ilibe vuto. Pa Ezara 2:13 ana a Adonikamu obwerera ku ukapolo analipo 666, ndipo anali anthu a Mulungu.

Abusa ena akuti chiphaso cha makono, khadi la kubanki, kudinda zala ndi katemera ndi chizindikiro cha chilombo. Tikane?

Musakane. Werengani Chivumbulutso 13:15-17 pamodzi ndi 14:9-11, muona kuti chizindikiro sichiyenda chokha, chimayenda ndi kulambira chilombo. Munthu sachilandira mwangozi, ali pamzere, kapena ali khanda pamsana pa mayi ake kusikelo. Dzanja ndi mphumi zachokera pa Deuteronomo 6:8, pamene Aisraeli anauzidwa kumanga malamulo a Mulungu padzanja ndi pakati pa maso, kutanthauza zochita ndi maganizo. Anthu a Mwanawankhosa nawonso ali ndi dzina pamphumi (Chivumbulutso 7:3 ndi 14:1), koma palibe amene amayembekeza kuona inki pamphumi pa Mkhristu. Ngati chizindikiro cha Mulungu ndi cha mumtima ndi m'makhalidwe, chinacho n'chimodzimodzi.

Mbiri ili ndi chitsanzo cha mmene zenizeni zimaonekera. Mu 250 AD mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya Aroma pamaso pa akuluakulu, n'kulandira kakalata kotsimikiza kuti watero. Kakalatako kankapezeka pokhapokha munthu atalambira. Funso loyesera nalo ndi limeneli: kuti ndilandire chinthu ichi, akundiuza kuti ndikane Khristu kapena ndigwadire wina? Pa pasipoti, pa chiphaso cha unzika chimene Amalawi analembetsa mu 2017, pa khadi, pa katemera, yankho ndi ayi. Mantha omwewa anagwerapo timizere ta pa katundu wa m'sitolo, kenako makompyuta polowa chaka cha 2000, ndipo zonse zinadutsa.

Kuno ku Joni chiphunzitsochi chimawononga mooneka ndi maso. Wokana banki amasunga malipiro pansi pa matiresi m'chipinda chogona anthu asanu, kapena mu mkhukhu umene moto umodzi wa palafini umatha m'mphindi zochepa. Wosiya pasipoti kuti ithe mphamvu amadziika yekha m'manja mwa mabwana olipira theka. Mwana wosabayitsa katemera wa chikuku ndiye amalipira chikhulupiriro cha akuluakulu.

Malo enieni oyang'anapo ndi pamene ndalama ikupempha chikumbumtima chanu: bwana akuti sainani zabodza apo ayi ntchito yatha, mnzanu akuti bizinesi siyenda popanda kukhwimira. Kugula ndi kugulitsa kwa pa 13:17 kumatiyesa pamenepo tsiku lililonse.

Kodi opulumuka ndi 144,000 okha?

Pa 7:4 Yohane akumva chiwerengero, pa 7:9 akuona khamu losawerengeka la mitundu yonse ndi zinenero zonse. Kalembedwe komweka kali pa 5:5-6, pamene akumva za Mkango koma potembenuka akuona Mwanawankhosa. Chomva ndi choona ndi chinthu chimodzi. Nambalayo ndi 12 kuchulukitsa ndi 12 kuchulukitsa ndi 1,000, anthu a Mulungu onse osasowa ndi mmodzi yemwe. Mboni za Yehova zimaphunzitsa kuti ndi nambala yeniyeni ya opita kumwamba. Vuto la kuwerenga kotero n'lakuti ndime zomwezo zimati anthuwa ndi a mafuko a Israeli, fuko la Dani palibe, ndiponso ndi amuna osakhudza akazi (14:4). N'kovuta kutenga nambala ngati yeniyeni zinazo n'kuziyesa zophiphiritsa.

Wokana Khristu ndi mtsogoleri uti?

Mawu akuti wokana Khristu mulibe m'Chivumbulutso monse. Ali pa 1 Yohane 2:18, 2:22, 4:3 ndi 2 Yohane 7 basi, ndipo pamenepo akuti alipo kale ambiri, anatuluka mumpingo, ndipo amadziwika pokana kuti Yesu ndi Khristu wobwera m'thupi. Akhristu ambiri amayembekeza wotsiriza mmodzi, polumikiza ndi munthu wosamvera malamulo wa pa 2 Atesalonika 2, ndipo maganizo amenewo ndi akale mumpingo. Chimene chalephera mobwerezabwereza ndi kuloza dzina. Greece italowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1981 mayiko anakwana 10, alaliki n'kulengeza kuti nyanga khumi za chilombo zija ndi izi. Mu 1986 anakhala 12, lero alipo 27.

Ngati manambala alipo m'Baibulo, bwanji tisawerengere tsiku?

Anthu oopa Mulungu ndi odziwa masamu anayesapo. William Miller, mlaliki wa Baptist ku America, anatenga madzulo ndi mamawa 2,300 a pa Danieli 8:14, n'kuwerenga tsiku ngati chaka kuyambira 457 BC. Omutsatira anadikira pa 22 October 1844, ena atasiya mbewu m'munda osakolola. Mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unakhazikitsidwa mu 1863 kuchokera mwa ena a anthu amenewa, umaphunzitsa kuti 1844 inali chiyambi cha ntchito ya kumwamba, ndipo sutchula tsiku la kubwera kwa Yesu.

Kwathunso zinafika. Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay, anagwira ntchito kuno ku South Africa, anaphunzira za Watch Tower kwa mmishonale Joseph Booth ku Cape Town, ndipo atabwerera kumudzi mu 1908 anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, akulalikira kuti ufumu ufika mu 1914 ndipo msonkho udzatha. Boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909. Anthu anamukhamukira chifukwa goli la msonkho linali lenileni, ndipo chiyembekezo chawo sichinali chinthu choseka. Koma tsikulo linadutsa. Mlaliki wa ku America Harold Camping analengeza pa wailesi kuti tsikulo ndi 21 May 2011, kenako anasunthira pa 21 October. Uthenga wakuti mkwatulo (kutengedwa kwa okhulupirira kukakumana ndi Ambuye) uchitika pa 23 kapena 24 September 2025 unayambira kuno ku South Africa n'kufalikira pa TikTok dziko lonse.

Masamuwa amagwa pa zifukwa zodziwika. Poyambira amasankha wowerengerayo: pa masabata 70 a Danieli 9, wina ayambira pa lamulo la Koresi mu 538 BC, wina pa la nthawi ya Ezara mu 458 kapena 457 BC, wina pa la nthawi ya Nehemiya mu 445 kapena 444 BC, ndipo aliyense amasankha chimene chikumufikitsa pamene akufuna. Lamulo lakuti tsiku ndi chaka lachokera pa Numeri 14:34 ndi Ezekieli 4:6, ndime ziwiri zonena nkhani zawozawo, zomwe sizikuti ulosi wonse uwerengedwe motero. Masiku 1,260 ndi miyezi 42 ya masiku 30, zaka zitatu ndi theka, theka la 7, chithunzi cha nthawi yowawa koma yokhala ndi malire. Ena amatenga 1948, chaka chimene dziko la Israel linakhazikitsidwa, n'kuwonjezera mbadwo umodzi: zaka 40 zinapereka 1988, zitalephera anati mbadwo ndi zaka 70, n'kupeza 2018.

Pamwamba pa zonse pali Marko 13:32 ndi Machitidwe 1:7. Wonena kuti tsiku sitingalidziwe koma mwezi kapena chaka tingachidziwe akusewera ndi mawu a Ambuye. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Nkhondo, namondwe Freddy, moto wa ku Marshalltown, kuthamangitsidwa kwa alendo: kodi si zizindikiro zimenezi?

Pa Mateyu 24:6-8 Yesu akutchula nkhondo, njala ndi zivomezi, n'kunena kuti musadere nkhawa, chimaliziro sichinafike, ichi ndi chiyambi cha zowawa za kubala. Ndime imene anthu amaopsezana nayo inanenedwa kuti iwakhazike mtima pansi. Onaninso kuti ophunzira anafunsa zinthu ziwiri pa vesi 3, za kugwa kwa kachisi ndi za mathedwe a nthawi. Malangizo akuti a ku Yudeya athawire kumapiri, ndi kupempherera kuti kuthawako kusakhale nyengo yozizira kapena pa Sabata, akunena za malo amodzi ndi nthawi imodzi. Luka 21:20 akutchula asilikali ozinga Yerusalemu, ndipo mu 70 AD asilikali a Aroma motsogozedwa ndi Titus anagumula kachisiyo.

Agogo athu anaona chimfine cha 1918 ndi njala ya 1949, makolo anaona njala ya 2002, ena a ife tinalipo pamene zipolowe zinayamba ku Alexandra mu May 2008. Mbadwo uliwonse zowawa zake zimamveka ngati zomaliza, chifukwa wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Zonsezi zimatiuza kuti dziko likubuula ndipo tikhale okonzeka, koma sizitiuza ora.

Chinthu chimodzi tikupempha ndi mtima wonse. Musauze mayi amene anataya ana m'matope a ku Chilobwe mu March 2023, kapena m'bale wa amene anapsa m'nyumba ija ya ku Marshalltown pa 31 August 2023, kuti chinali chilango kapena lipenga lakutilakuti. Yesu potchula anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anakana kuti anali ochimwa kuposa ena (Luka 13:4-5).

Mpingo wathu umaphunzitsa mkwatulo, wa akazi anga suphunzitsa. Wolondola ndani?

Onse awiri amawerenga 1 Atesalonika 4:13-18, ndipo onse amakhulupirira kuti akufa adzauka ndipo amoyo adzakwatulidwa kukakumana ndi Ambuye. Kusiyana kuli pa funso lakuti kodi zimenezi zidzachitika mobisika, zaka 7 za chisautso zisanayambe, kapena ndi kubwera kumodzi koonekera kwa onse. Chiphunzitso cha magawo awiri chinafalitsidwa ndi John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, n'kufika kutali kudzera m'Baibulo la ndemanga la Scofield la 1909. Mipingo yambiri ya Chipentekoste imachitsata. Akatolika, Anglican ndi CCAP mwa mwambo wawo amaphunzitsa kubwera kumodzi.

Ife tikuona kuti ndimeyi payokha ikupendekera ku kubwera kumodzi. Muli mfuu, mawu a mngelo wamkulu ndi lipenga, zomwe si zinthu zobisika. Mawu akuti kukumana ndi omwe ali pa Machitidwe 28:15, pamene abale anatuluka mu Roma kukachingamira Paulo n'kulowa naye mumzinda. Ndi zija timachita mlendo wolemekezeka akamafika kumudzi, kumuchingamira kumsewu, kumulandira katundu, n'kubwerera naye kunyumba.

Ulamuliro wa Khristu wa zaka 1,000 watchulidwa pa Chivumbulutso 20:1-7 pokha. Ena amati Yesu adzabwera kaye n'kulamulira padziko zaka zimenezo, Adventist amati oyera mtima adzakhala kumwamba nthawi imeneyo, ndipo otsata Augustine, mphunzitsi wa mpingo wakale, amati ndi chithunzi cha nthawi ya mpingo imene tilimoyi. Banja lisagawikane pa nkhani imeneyi. Paulo analembera anthu amene anali pa maliro, ndipo anamaliza ndi kuti tonthozanani ndi mawu awa. Pa mwambo wotsanzikana ndi m'bale amene thupi lake likukwera galimoto kupita kumudzi, ndimeyi igwire ntchito imeneyo.

Mneneri wina akuti tisiye ntchito, tigulitse katundu, tisatumizenso ndalama kumudzi chifukwa nthawi yatha. Timuyese bwanji?

Deuteronomo 18:22 imati chimene wanena chikapanda kuchitika, Yehova sanalankhule. Lembani tsiku ndi mawu ake enieni, chifukwa tsiku likadutsa nkhani imasintha n'kukhala yakuti mapemphero athu achedwetsa, kapena zachitika muuzimu. Ku Tesalonika kunali anthu osiya ntchito, mwina pa chifukwa chomwechi, ndipo Paulo anawauza kuti agwire ntchito mwakachetechete adye chakudya chawo (2 Atesalonika 3:10-12). Hananiya atalonjeza kuti ukapolo wa ku Babulo utha m'zaka ziwiri, Yeremiya analembera a kuukapolo kuti mangani nyumba, limani minda, funirani mtendere mzinda umene mukukhalamo (Yeremiya 28 ndi 29). Kwa munthu wokhala m'dziko la eni, kalata imeneyo ndi yofunika kuiwerenga kawirikawiri.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: katundu wogulitsidwa ndalama zake zikupita kwa mtsogoleri, ana akuchotsedwa sukulu, odwala akuuzidwa kusiya ma ARV kapena mankhwala a shuga, kusala kudya kopanda tsiku lomaliza, kuletsedwa kulankhula ndi achibale, kusonkhanitsa mapasipoti. Ku Kanungu ku Uganda, gulu limene linalosera kutha kwa dziko linatenthedwa m'tchalitchi pa 17 March 2000, ndipo pamodzi ndi mitembo yopezeka m'maenje akufa anaposa 700. Ku Shakahola ku Kenya mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kusala mpaka akakumane ndi Yesu, ambiri mwa iwo ana. Ngati m'bale wanu ali m'gulu lotere, musamunyoze, chifukwa mukatero amadula foni. Pitirizani kumuyendera, sungani mapepala ake ngati angalole, ndipo pamene moyo wa mwana uli pa ngozi kanenani kupolisi tsiku lomwelo.

Tikufuna kuphunzira monga gulu. Tikonze bwanji, ndipo tigwiritse Baibulo liti?

Khalani ndi matembenuzidwe awiri patebulo. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka koyamba mu 1922, limatsata mawu a chiyambi mwapafupi ndipo ndi limene ambiri analoweza. Buku Loyera la 1998 limamveka msanga kwa achinyamata ndi ana obadwira kuno. Pamene awiriwa asiyana, imani, chifukwa nthawi zambiri pamenepo pali mawu ovuta oyenera kuwafufuza.

Masabata 12 amakwana. Awiri oyamba akhale a Danieli 2, 7 ndi 8, lachitatu la Marko 13, lachinayi lowerenga Chivumbulutso chonse mokweza mosinthana. Makalata a ku mipingo apatseni masabata awiri, ndipo chaputala 4 ndi 5 chikhale ndi sabata lakelake, chifukwa amene walumpha mpando wachifumu ndi Mwanawankhosa n'kuthamangira akavalo amawerenga zotsalazo ndi mantha okhaokha. Anayi otsatira agaweni motere: 6 mpaka 11, 12 mpaka 14, 15 mpaka 18, 19 ndi 20. Lomaliza ndi la 21 ndi 22. Gwirizanani pachiyambi kuti mavidiyo a pa foni aonedwa phunziro likatha, ndipo wobweretsa tanthauzo aonetse vesi ya Chipangano Chakale pamene chithunzicho chachokera.

M'gulu lililonse mumakhala wina amene nkhanizi zimamusowetsa tulo, kawirikawiri wachinyamata amene anaonetsedwa mafilimu a otsala pa mkwatulo ali mwana. Mtsogoleri akhale naye padera, awerenge naye 1:17-18, 7:13-17 ndi 21:1-5 pang'onopang'ono. Ngati kusowa tulo, kugunda kwa mtima ndi kulephera kudya zapitirira masabata awiri, mperekezeni kukiliniki, mapemphero akupitirira.